Madzi oundana pamutu pa wodwala sitiroko, ndani anamvapo?

NaMbewe (Navutika): Mwaswera bwanji nonse. Funso langa lipite kwa a zaumoyo amene muli pagulu pano. Apongozi anga aamuna anagwidwa sitiroko mwezi watha. Dzanja ndi mwendo wakumanja sizigwira, mawu akutuluka movutikira. Anawatulutsa m'chipatala, tikuwasamalira kunyumba. Tsopano alamu anga a ku Johannesburg atumiza kavidiyo ka azungu akuziziritsa wodwala ndi makina, ati ubongo ukazizira suwonongeka. Akuti tizigula ma ice block tiziwaika pamutu m'mawa ndi madzulo. Abambo a kunyumba avomera kale poti wanena ndi mkulu wawo. Ine mtima ukukana. Zili ndi mutu zimenezi?

Jere Wanjinga: Alamu anuwo akuona ngati apongozi ndi nsomba za pa Luangwa Bridge 😂 Komatu tisaseke msanga, nsomba ukaiika pa ayisi siola. Mwina nzeru yake ndi yomweyo.

aSakala (clinical officer, ndinapuma pantchito): Amayi, musaike. Auzeni abambo a kunyumba kuti akana ndi aSakala, mlandu ukhale wanga. Ayisi wa pamutu amaziziritsa tsitsi ndi khungu basi. Ubongo uli m'kati mwa chibade, magazi ofunda ochokera kumtima akulowamo usana ndi usiku, ndiye kutentha kwake kumatsatira magaziwo, osati chimene mwaika kunja. Chimene mupezepo ndi nkhalamba yonjenjemera. Kunjenjemerako ndi ntchito ya minofu, kumadya mpweya umene ubongo wodwala ukuufuna, komanso kumakweza BP. China, mbali imene yafa ziwalo kawirikawiri simva bwino. Ayisi akhoza kuwononga khungu mpaka chilonda iwo osamva kanthu, osadandaula. Ndiponso mwati mwezi watha? Ngakhale amene amayesa zoziziritsazo amakamba za maola oyambirira. Apa chatsala ndi mankhwala a BP ndi physio, masewera olimbitsa ziwalo aja.

aDaka (mphunzitsi, Chadiza): A Sakala ndakumvani, koma musawanyozeretu alamuwo. Ine ndinawerengapo za mayi wina, Anna Bågenholm, dokotala wa ku Sweden. Mu 1999 anagwera mumtsinje woundana kumpoto kwa Norway, anakhala pansi pa ayisi mphindi 80. Pomufikitsa kuchipatala ku Tromsø thupi lake linali pa madigiri 13.7, mtima utaima kalekale. Anamudzutsa, nzeru zili bwinobwino, mpaka anabwerera ku ntchito ya udokotala. Ngati si kuzizira kunamupulumutsa, ndi chiyani?

Dr Chiko (Lusaka, kwathu ku Katete): Nkhaniyo ndi yoona a Daka, ndipo kuzizira kunathandizadi. Thupi likatsika ndi digiri imodzi, ubongo umachepetsa mpweya ndi shuga zimene umadya ndi 6 kapena 7 peresenti. Pa 13.7 ndiye kuti ukungonyambita. Koma taonani chimene chinayamba. Mayiyo anapeza kampata ka mpweya pansi pa ayisi, anapuma kwa nthawi ndithu thupi likuzizirira, mtima unadzaima ubongo utazizira kale. Pa sitiroko sizili choncho. Mtsempha umatsekeka kapena kuphulika munthu ali wofunda, kuwonongeka kumayamba mphindi zomwezo, inu ndi kuzizira kwanu mukufika nkhani itatha. Komanso sanamudzutse ndi bulangeti. Magazi ake ankawadutsitsa m'makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo, akuwafunditsa pang'onopang'ono.

Jere Wanjinga: Ndiye kavidiyoko nkabodza?

Dr Chiko: Iyayi, makinawo alipo. Sindinakaone kavidiyoko, koma ndikhoza kubetcha kuti wodwalayo si wa sitiroko, ndi munthu amene mtima unaima mwadzidzidzi nkumudzutsa, koma sanatsitsimuke. Mu 2002 kunatuluka makafukufuku awiri, wina wa ku Ulaya wina wa ku Melbourne ku Australia, oonetsa kuti anthu otere akawaziziritsa thupi lifike pa madigiri 32 mpaka 34 kwa maola 12 mpaka 24, odzuka nzeru zilipo amachuluka kuposa mwa osaziziritsidwa. Dziko lonse linatengeka nazo.

Koma mudziwe mmene zimachitikira. Munthuyo ali ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, amugoneka ndi mankhwala, akupumira makina. Pachifuwa ndi pantchafu amumata zinthu zoyendamo madzi ozizira. Kachipangizo koyezera kutentha kali m'kati, kummero kapena m'chikhodzodzo, osati kukhwapa. Amamupatsa mankhwala oletsa kunjenjemera. Magazi amawayeza pafupipafupi chifukwa potassium, mchere wina wa m'magazi, amatsika pozizira nkukwera pofunda, ndipo akasokonekera mtima umaphonya kagundidwe. Pomufunditsa satha kungochotsa makina, amakweza kota kapena theka la digiri pa ola. Nesi sachoka pabedi limenelo.

Ndiye mvetserani zimene zinatsatira. Mu 2013 kafukufuku wotchedwa TTM anayerekeza kuziziritsa pa madigiri 33 ndi pa 36, sanapeze kusiyana. Mu 2021 TTM2, ya odwala pafupifupi 1,900, inayerekeza kuziziritsa pa 33 ndi kungoonetsetsa kuti thupi lisatenthe. Omwalira anali chimodzimodzi, koma oziziritsidwawo mtima unkawavuta kwambiri. Nchifukwa chake masiku ano ambiri akuti chachikulu ndi kuletsa thupi kutentha.

Pa sitiroko penipeni, ku Ulaya anayesa ndi kafukufuku wa EuroHYP-1. Poyamba ankafuna odwala 1,500, anathera pa 98. Munthu wa sitiroko nthawi zambiri ali maso, akumva, ndiye kumuziziritsa ndi nkhondo, ambiri sanafike nkomwe pamene madokotala ankafuna. Phindu silinaoneke. Kafukufuku wina wa ku America anapeza kuti oziziritsidwa ankagwidwa chibayo kwambiri. Pa makoswe mu labu nzeruyi imagwira bwino zedi, pa anthu yakhala ikutichititsa manyazi.

Sister Tembo (mzamba): Dokotala mwaiwala ana anga. Pamene kuziziritsa kunagwiradi ntchito ndi pa makanda obadwa osalira, amene anasowa mpweya pobadwa. Ku Britain ndi ku America amawaika pa 33.5 kwa maola 72, kuyamba asanathe maola 6 chibadwire, ndipo imfa ndi kulumala zinachepa. Koma atakayesa ku India, Sri Lanka ndi Bangladesh, kafukufuku wa HELIX wa mu 2021, makanda 408, zinatuluka zina. Mwa oziziritsidwa anamwalira 42 pa 100 alionse, mwa osaziziritsidwa 31. Makinatu anali abwino, m'zipatala zikuluzikulu. Ndiye ine ndikamva munthu akuti tingotengera za azungu, ndimakumbuka zimenezo. Kuno mwana wobadwa kumene mdani wake ndi kuzizira. Mpukuteni, pachifuwa pa mayi ake, chipewa kumutu, chitenje pamwamba. Wina asawerenge gulu lino nkukasiya khanda pamphepo ati akuteteza ubongo, chonde.

aDaka: Koma bwanji mankhwala amodzimodzi athandize ku London, aphe ku India? Apa mutu wanga waima.

Sister Tembo: Ofufuzawo anaganiza kuti ana ambiri kumeneko anayamba kuvutika akali m'mimba, osati pa mphindi yobadwira, komanso ambiri anali ochepa thupi. Ndiye maola 6 aja anali atatha mwana asanatuluke. Madokotala akutsutsanabe, ena amati m'chipatala chokhala ndi zonse zimathandizabe. Ine ndi mzamba, changa ndi chakuti mayi abwere msanga matenda akayamba, tiyang'anire bwino kuti mwana asafike posowa mpweyapo.

NaMbewe: Zikomo nonse, ndawawerengera abambo a kunyumba, angoti zii. Koma chimene chinapangitsa kuti tiganize za ayisi ndi chakuti apongozi thupi likumatentha madzulo kuyambira Lachiwiri. Apongozi aakazi akuti tiwafukize ndi masamba pansi pa bulangeti kuti atuluke thukuta. Ndiye m'nyumba muli magulu awiri, a ayisi ndi a nthunzi.

aSakala: Amayi, bwenzi mutayamba ndi zimenezi! Ndiyankheni msanga. Akamadya phala kapena kumwa madzi amatsokomola? Mawu amamveka ngati muli madzi kukhosi akatha kumeza? Chakudya chimatsalira m'tsaya? Akupuma mofulumira? Mkodzo ukununkha, kapena anawaika kachubu ka mkodzo?

NaMbewe: Kutsokomola ndi nthawi zonse, makamaka pa tiyi. Phala lolimbako amameza, koma tiyi amatsamwa mpaka misozi. Timawamwetsa atagona chagada poti kuwadzutsa ndi ntchito, ndi athupi. Dzulo ndinapeza nsima ya masana ikali m'tsaya lakumanja madzulo. Kachubu alibe.

aSakala: Apite kuchipatala lero, osati mawa. Zimene mwafotokozazi ndi za munthu amene sitiroko yamugwira pomezera. Tiyi m'malo mopita kumimba akulowa kumapapo, pang'onopang'ono, kenako chibayo. Kutentha kwa madzuloko kukhoza kukhala kumeneko. Anthu a sitiroko ambiri amene ndinawaona akutisiya patapita milungu, sikuti inawagundanso, chinali chibayo cha chakudya cholowa kolakwika. Akafika awayeze malungo poti kuno ndi kwathu, amvetsere m'chifuwa, ayeze mkodzo ndi shuga, aonenso kumatako ndi kuzidendene ngati kulibe zilonda za pabedi. Muwauze a kuchipatala mawu awa momveka: akutsamwa akamamwa. Musadikire kuti akufunseni.

Kufukiza ayi ndithu. Thupi latentha kale inu mukuwonjezera, munthu woti sangathe kukankha bulangeti kapena kukuwa mphika ukamutayikira. Mukabwerako, osawadyetsanso atagona. Akhale tsonga ngati pampando, mutu woweramira pang'ono kutsogolo, kasupuni kakang'ono, mudikire ameze musanaike kena. Akatha muyang'ane m'kamwa ndi kutsuka, akhalebe tsonga theka la ola. Ngati akusinza, musawapatse kanthu kukamwa.

Dr Chiko: Chimene anena a Sakala chili ndi umboni wamphamvu kuposa makina onse ndatchula aja. Ku Australia, m'chigawo cha New South Wales, anatenga mawodi 19 a sitiroko. M'mawodi ena anaphunzitsa manesi zinthu zitatu zokha: kuyeza kutentha maola 4 alionse kwa masiku atatu oyamba ndi kupereka paracetamol (Panado) kukapitirira 37.5, kuyang'anira shuga, ndi kuyesa kumeza wodwala asanapatsidwe chakudya. Zotsatira zinatuluka mu 2011, dzina lake QASC. Patatha masiku 90, omwalira kapena osatha kudzisamalira anali 42 pa 100 m'mawodi ophunzitsidwa, 58 m'mawodi enawo. Thermometer, kamakina ka shuga ndi supuni ya madzi. Zimenezi ku St Francis ku Katete, ku Mwami, ku Chipata Central, kulikonse zingatheke, ngakhale malaiti atathima.

Mtendere Herbs: Abale musavutike, ndili ndi mankhwala a zitsamba ochiza sitiroko m'masiku 7, ziwalo zonse kubwerera. Inbox.

Admin: Ndachotsa nambala yanu. Malonda pano ayi. Kachiwiri mutuluka.

Mayi Zulu (Kapata): Ine funso langa ndi la Panado. Amayi anga nawonso anadwalapo sitiroko. Kodi sikwabwino kungowapatsa tsiku lililonse kuti thupi lisayambe nkomwe kutentha? Nanga Panado akasowa, Aspirin kapena Brufen sizilowa m'malo?

Dr Chiko: Kupereka thupi lisanatenthe anayesa ku Netherlands, odwala 1,400, zotsatira mu 2009, phindu lenileni silinaoneke. Ndipo kunyumba kuli vuto lina: Panado wa tsiku ndi tsiku amabisa chizindikiro, chibayo chikukula inu mukuti ali bwino. Perekani mutayeza, ndipo mufunse kuti kutenthaku kwachokera kuti. Munthu wamkulu mapiritsi awiri a 500 mg, patsiku asapitirire 8. Nkhalamba yowonda kapena wa vuto la chiwindi, achepetse, afunse kuchipatala.

Aspirin ndi nkhani ina. Sitiroko ili mitundu iwiri, ya mtsempha wotsekeka ndi ya mtsempha wophulika, ndipo ndi maso simungazisiyanitse, pamafunika CT scan, makina ojambula m'kati mwa mutu. Kuno ku Africa yophulika ndi yochuluka kuposa ku Ulaya, makamaka chifukwa cha BP yosamwera mankhwala. Aspirin amathandiza yotsekeka, koma pa yophulika amawonjezera kutaya magazi. Ngati dokotala anawalembera, amwe monga anauzidwa. Ngati sanawalembere, musagule pa kantemba kuti mutsitsire thupi. Brufen ndi Diclofenac nazonso zisiyeni, zimakweza BP ndi kuvutitsa impso.

aSakala: Ndipo podikira galimoto, vulani majuzi ndi mabulangeti, tsegulani zenera, pukutani ndi kansalu ka madzi ofunda pang'ono, osati ozizira.

Dr Chiko: Apa a Sakala ndisiyana nanu pang'ono. Kansalu konyowa ine sindikakhulupirira kwenikweni. Kamatsitsa pang'ono kwa kanthawi, ndipo achibale akayamba sasiya, mapeto ake wodwala akunjenjemera pa matiresi onyowa.

aSakala: Mwana wanga, inu muli ku Lusaka kumene pharmacy ili pakhomo. Ine ndinagwira ntchito kumene ambulansi inkabwera mawa lake, denga la malata, mwezi wa October. Kansalu ndi kukupiza ndi chikatoni ndizo tinali nazo. Lamulo ndi limodzi, akayamba tsembwe kapena kunjenjemera, siyani, mpukuteni aume.

Dr Chiko: Ndi lamulo limenelo ndavomera, atate. Bola asaone ngati kansalu kalowa m'malo mwa chipatala.

NaMbewe: Tapeza galimoto ya aneba, tikunyamuka. Apongozi aakazi akwiya pang'ono ndi nkhani ya nthunzi koma akwera nawo.

Sister Tembo: Tengani khadi lawo ndi mapaketi onse a mankhwala amene akumwa. Mukabwerako mugule thermometer ya digito, muziyeza m'mawa ndi madzulo ndi kulemba m'kakope, tsiku ndi nthawi. Ya kukhwapa imaonetsa pafupifupi theka la digiri pansi pa kutentha kwenikweni, ndiye mukaona 37.5 musati nzochepa. Muyeze kukhwapa la mbali yabwino, louma. Dzanja pachipumi limanamiza.

Jere Wanjinga: Ndilowetseko yathu ya pamsewu. Ife a njinga zamoto timagwa, sitibisa. Mnzathu wina anagundidwa pa Great East Road usiku, mutu unamenya phula, anakomoka. Anthu anathamanga ndi zigubu kumuthira madzi thupi lonse kuti atsitsimuke. Ena amati zimathandizanso kuti ubongo usatupe. Zoona?

Dr Chiko: A Jere, anamulakwira. Munthu wovulala akazizira magazi ake sagwirana msanga, ndiye ngati akutaya magazi m'mutu kapena m'mimba, mwawonjezera. Wagona pa phula usiku, zovala zanyowa, amazizira mwamsanga ngakhale kuno kotentha. Ku ICU nako anayesa kuziziritsa ovulala mutu. Kafukufuku wa Eurotherm3235, wotsogoleredwa kuchokera ku Edinburgh, anamuimitsa panjira atafika odwala 387 chifukwa oziziritsidwa zinkawathera moipa kuposa anzawo, zinatuluka mu 2015. Wina wa POLAR mu 2018, odwala 511, anayamba kuziziritsa msangamsanga, sizinathandizenso. Pamsewu chochita ndi ichi: mfunditseni ndi jekete kapena chitenje, pamene pakutuluka magazi dinikizani ndi nsalu, musapinde khosi, pomunyamula mutu ndi thupi ziyende pamodzi. Osamumwetsa madzi kapena Fanta. Akayamba kusanza mutembenuzeni chammbali anthu angapo, mmodzi atagwira mutu. Ndipo amene wamenyetsa mutu nkudzuka nkumati ndili bwino, akayamba kusanza, kusinza kapena mutu kuwawa kwambiri, apite kuchipatala nthawi yomweyo.

aSakala: Ndipo helemeti ikhale pamutu yomanga lamba, osati pachigongono monga ndimakuonerani pa Kapata.

Jere Wanjinga: Imatentha atate 😅 Makasitomala aakazi amakananso, ati iwononga tsitsi.

Mayi Zulu: Tsitsi la K300 mukuliona ngati masewera? 😂 Koma chabwino tamva.

aPhiri a ku Mfuwe: Ndawerenga zonse koma mwandisokoneza. Kuno kuchigwa October akafika kumapitirira 40. Chaka china mnyamata woumba njerwa anagwa masana, thupi ngati moto, akubwebweta, osadziwa anthu. Tinamuthira madzi a pa borehole, anatsitsimuka tili panjira yopita kuchipatala. Ndiye mukuti tinalakwa?

aSakala: Iyayi a Phiri, pamenepo munachita bwino, mwina munamupulumutsa. Uyo ubongo wake umawonongeka chifukwa cha kutenthako, thupi lapitirira 40 ndi dzuwa ndi ntchito, ndiye mankhwala ake ndi kumuziziritsa pompopompo, musanaganize za galimoto. Pamthunzi, vulani zovala, thirani madzi thupi lonse, kupizani mwamphamvu, ayisi ngati alipo ikani m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche atakulungidwa m'nsalu. Panado pamenepo sagwira ntchito. Pitirizani kuthira muli m'galimoto, mawindo otsegula. Akayamba kuzindikira anthu kapena kunjenjemera, lekani.

aPhiri a ku Mfuwe: Nanga tisiyanitsa bwanji ndi sitiroko, poti onse amagwa ndi kubwebweta?

aSakala: Yang'anani nkhope. Muuzeni amwetulire, akweze manja onse awiri, atchule dzina lake. Kamwa ikapotokera mbali imodzi, dzanja limodzi likagwa, mawu akamakokeka, ndi sitiroko, ndipo kawirikawiri poyamba thupi silikhala lotentha. Ameneyo musamuthire madzi, musamumwetse kanthu, lembani nthawi imene zayamba ndi kuthamanga naye, chifukwa kumene kuli mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa asanathe maola anayi ndi theka. Wa dzuwa amakhala woti anali pantchito kapena m'nyumba yotentha, khungu likuotcha, mbali zonse ziwiri zafooka mofanana. Koma kwanu kuchigwako munthu wotentha thupi wobwebweta akhozanso kukhala wa malungo a muubongo, ndiye ngakhale atatsitsimuka ndi madzi a pa borehole, afikebe kukilinika amubaye chala.